Tileke kunena kuti agogo ndi osamva

Pali mawu amene amanenedwa kawirikawiri m'makonde a zipatala zathu, ndipo ine ndikawamva mtima umawira: "Agogowa ndi osamva." Amawanena namwino, amawanena dokotala, ndipo chochititsa manyazi n'chakuti ifenso ana awo timavomera ndi mutu. Ndinawamva akunenedwa pa mayi anga ondibereka, iwo ali gone pabedi, diripi ili pamkono. Tsiku limenelo ndinakhala chete. Lero ndikufuna ndiyankhe.

Mayi ali ndi zaka 74. Amadwala shuga ndi kuthamanga kwa magazi, ndipo mawondo awo anagwidwa ndi nyamakazi kalekale. M'mwezi wa February, nthawi imene nkhokwe zambiri kwathu zimakhala zitauma, anadzuka m'mamawa, anamwa mankhwala awo monga anauzidwira, n'kunyamula khasu. Phala sanamwe, chifukwa ufa umene unatsala anausungira nsima ya adzukulu masana. Dzuwa litakwera, anthu anawapeza atakhala pansi pakati pa mizere, thukuta lili kamukamu, manja akunjenjemera, akuitana bambo anga amene tinawaika m'manda zaka 11 zapitazo. Ena anati ndi misala ya ukalamba. Ena ananong'onezana zija mukuzidziwa, zimene anthu amanong'onezana nkhalamba ikayamba kulankhula zosamveka. Amene anawapulumutsa ndi mphunzitsi wina wopuma ntchito, yemwenso amadwala shuga. Iye anathamangitsa mwana kukatenga shuga, anasungunula masupuni atatu m'kapu ya madzi, n'kuwamwetsa pang'onopang'ono poona kuti ankatha kumeza. Pamene kabaza ankafika kudzawatengera kuchipatala, mayi anali atayamba kufunsa kuti khasu lawo lili kuti.

Chimene chinachitika si chachilendo kwa munthu aliyense wophunzira za mankhwala. Limodzi mwa mapiritsi a shuga amene mayi ankamwa ndi glibenclamide. Mankhwala amenewa amakakamiza thupi kutulutsa insulin, kaya munthu wadya kaya sanadye, ndipo amakhalitsa m'thupi. Munthu akamwa ali ndi njala n'kupita kukalima, shuga wa m'magazi amatsika mpaka ubongo kuyamba kusokonezeka. Kwa wachikulire ngozi imakula chifukwa impso zake sizichotsa mankhwala msanga. N'chifukwa chake mndandanda wa mankhwala ofunikira wa bungwe loona za umoyo pa dziko lonse la WHO umanena kuti glibenclamide sayenera anthu opitirira zaka 60, ndipo m'malo mwake umatchula gliclazide. Ndikudziwa kuti m'zipatala zathu dokotala amalemba zimene zili m'sitolo ya mankhwala. Koma ngati n'zimenezo zimene zilipo, ndiye kuti udindo wofotokoza ukukulirakulira. M'zaka zisanu ndi chimodzi zimene mayi anamwa mankhwalawa, palibe anawauzapo kuti asamamwe pamimba popanda kanthu, kapena kuti thukuta lozizira ndi kunjenjemera ndi chizindikiro choti afulumire kudya kanthu kotsekemera. Anauzidwa kuti limodzi m'mawa uliwonse, ndipo iwo sanaphonye ngakhale tsiku limodzi. Mayi anadwala chifukwa chomvera. Ndiye wosamvayo ndani?

Usiku umenewo ndinakhuthula jumbo yawo ya mankhwala pamkeka. Munatuluka timatumba tapulasitiki tisanu ndi tinayi. Pa tina, zolemba zinali zitafufutika ndi thukuta la m'manja. Tiwiri tinali ta mankhwala amodzi omwewo a BP, koma ena oyera ena achikasu chifukwa anachokera ku makampani osiyana, ndipo mayi ankawatenga ngati mitundu iwiri n'kumamwa onse. Munali indosidi wogula pagolosale chifukwa cha mawondo. Munali bokosi la mapiritsi opha ululu limene mchimwene wanga anatumiza kuchokera ku Johannesburg, kapepala kake ka m'kati ka zilembo zing'onozing'ono zoti ngakhale ine ndinachita kutsinzinira. Munalinso kabotolo ka mankhwala azitsamba kopanda dzina. Ine mwana wawo, wopita kusukulu, sindinadziwe kuti m'nyumba ya mayi anga muli zonsezi. Choncho pamene ndikuloza chala, zala zina zikuloza ine ndemwe.

Tiyeni tikaime pazenera logawira mankhwala tione zimene timazitcha malangizo. Mzere wafika mpaka pamtengo wa mango. Gogo wafika pazenera atadikira kuyambira mbandakucha, makutu ake ndi olemera, maso ali ndi ng'ala. Buku lake la kuchipatala lalowa, timatumba tatuluka, ndipo mawu amveka kuseri kwa waya: "Awa limodzi m'mawa, awa awiri kawiri, awa usiku. Mwamva? Wotsatira!" Gogo ayankha kuti, "Ee, ndamva, zikomo," chifukwa analeredwa kuti munthu wovala yunifolomu sabwezeredwa mawu, komanso akumva anthu kumbuyo akung'ung'udza kuti akuchedwetsa mzere. Zonsezi sizikwana mphindi imodzi. Timakonda kunena kuti safunsa anadya phula. Koma tamuikira munthu waya pakati, tamuthamangitsa, tamuphunzitsa moyo wake wonse kuti kufunsa dokotala ndi mwano, kenaka tikumuseka kuti wadya phula.

Ngakhale mawu akuti "kawiri pa tsiku" sakwanira. Kwa wogawa mankhwala akutanthauza m'mawa ndi madzulo, motalikirana maola pafupifupi 12. Kwa munthu amene tsiku lake limayendera dzuwa ndi chakudya, kawiri akhoza kukhala nkhomaliro ndi mgonero, kapena mapiritsi awiri nthawi imodzi kuti asaiwale. Zithunzi za dzuwa ndi mwezi zimene zimakhala pa timatumba tina n'zothandiza, koma sizinena kuti mankhwalawo ndi a chiyani, amwedwa mpaka liti, komanso munthu achite chiyani akaiwala. Dzina la mankhwala limalembedwa m'Chingerezi cha madokotala, mwachidule, ndi dzanja lothamanga. Ku Chipata n'chimodzimodzi. Ku Angónia gogo wolankhula chinenero chomwechi amalandira zake m'Chipwitikizi. M'mayiko onsewa wodwala amalankhula Chichewa kapena Chinyanja, koma mankhwala ake amalankhula chinenero china.

Anthu ena amaganiza kuti nkhalamba ndi munthu wamkulu wamba amene wangomera imvi, ndiye mlingo wa mankhwala ukhale womwewo, malangizonso omwewo. Thupi silitero. Munthu akamakula impso zimachepa mphamvu, chiwindi chimachedwa kuphwanya mankhwala, ndipo madzi a m'thupi amachepa. Piritsi limene mnyamata wa zaka 30 amalichotsa m'thupi mosavuta limatsalira mwa agogo ake mpaka kukumana ndi la mawa. Komanso wachikulire sadwala nthenda imodzi. Ali ndi BP, shuga, msana, kusowa tulo, ndipo chilichonse chili ndi piritsi lake. Akatswiri amati munthu akafika pomwa mitundu isanu ya mankhwala kapena kuposerapo, mpata woti ena alimbane ndi anzawo umakula kwambiri.

Chitsanzo chili m'jumbo ya mayi ija. Mankhwala a BP amene amaperekedwa kwambiri kwathu kuno ndi monga hydrochlorothiazide, wokodzetsa uja, enalapril ndi amlodipine. Opha ululu amene anthu amagula okha ndi monga ibuprofen, amene ambiri timati bulufeni, diclofenac ndi indosidi. Opha ululu amenewa amakweza BP, amatha kuboola zilonda m'mimba mpaka kutaya magazi, ndipo akakumana ndi wokodzetsa pamodzi ndi enalapril amatha kuvulaza impso, makamaka munthu akatsegula m'mimba kapena akamagwira ntchito padzuwa osamwa madzi okwanira. M'dziko limene makina otsuka magazi a odwala impso amapezeka m'zipatala zowerengeka monga Kamuzu Central ku Lilongwe ndi Queen Elizabeth ku Blantyre, chenjezo la mawu khumi pazenera ndi lotchipa kwambiri kuposa chilichonse chobwera pambuyo pake. Ngakhale Panado, amene timamuona ngati siwiti, ali ndi malire. Munthu wamkulu asapitirire mapiritsi 8 a mamiligalamu 500 pa tsiku, wowonda ndi wofooka achepetsenso, ndipo mankhwala ambiri a chimfine ndi mutu ali ndi paracetamol yemweyo, moti munthu amatha kupitirira mlingo asakudziwa n'kuwononga chiwindi.

Pali zinanso zimene wodwala akanauzidwa sakanataya mankhwala ake. Enalapril amayambitsa chifuwa chouma mwa anthu ena, ndipo dokotala akhoza kuwasinthira mankhwala ena. Gogo wosauzidwa amayamba kugula mankhwala a chifuwa, mwinanso kuopa kuti ndi TB. Amlodipine amatupitsa mapazi mwa ena, ndipo kumudzi mapazi otupa amakhala ndi nkhani zake. Wokodzetsa akamwedwa usiku, nkhalamba imadzuka mumdima kupita kuchimbudzi chakunja, chizungulire n'kuigwetsa, chiuno n'kuthyoka. Mankhwala a BP amatha kuchititsa chizungulire munthu akadzuka mofulumira, ndiye amafunika ayambe wakhala pabedi kaye asanaimirire. Ndipo chachikulu pa zonse, ambiri sauzidwa kuti BP ndi shuga sizili ngati malungo, amene umamwa mankhwala masiku atatu n'kuthana nawo. Munthu akamva bwino amaleka, chifukwa nzeru ya munthu aliyense imati wochira samwa mankhwala. Patapita miyezi sitiroko yamugwetsa, ndipo m'buku mwake mulembedwa kuti anathawa mankhwala. Kafukufuku wa STEPS amene anachitika m'Malawi mu 2009 anapeza kuti munthu mmodzi mwa atatu alionse a zaka 25 mpaka 64 anali ndi BP yokwera. Anthu amenewo ambiri ndi agogo a lero.

Tsono wina anena kuti ndikulankhula ngati munthu wosadziwa mavuto a zipatala zathu. Ogwira ntchito ndi ochepa, wogawa mankhwala mmodzi amaona anthu mazanamazana pa tsiku, ndipo m'zipatala zina zazing'ono amene ali pazenera sanaphunzire n'komwe ntchitoyo, angogwirizira. Zonsezo n'zoona, ndipo sindikulimbana ndi mtsikana wotopa amene ali kuseri kwa waya uja. Ndikulimbana ndi amene anakonza ntchito yake mwa njira yoti kufotokoza kusakhalemo. Ndipo ndikukana kuti sitingathe, chifukwa tinachitapo kale.

Pamene Malawi inayamba kupereka ma ARV aulere mu 2004, panali anthu kunja amene ankakayika ngati Mwafirika wosaphunzira, wopanda wotchi, angathe kumwa mankhwala pa nthawi yake moyo wake wonse. Tinawayankha ndi ntchito. Munthu asanayambe mankhwala ankakhala pansi n'kuphunzitsidwa, m'Chichewa, m'Chitumbuka, m'Chiyao. Ankabwera ndi womuyang'anira wochokera kubanja, nayenso n'kuphunzira. Mapiritsi otsala ankawerengedwa pa ulendo uliwonse. Anthu amene akhala pa mankhwala nthawi yaitali anaikidwa m'zipatala kuti azilangiza anzawo atsopano. Wosabwera pa tsiku lake ankalondoledwa mpaka kumudzi. Zotsatira zake tonse tikuziona, anthu amene tinkayembekeza kuwaika akulera adzukulu. Pa TB tinachitanso chimodzimodzi. Kusikelo amayi amaimba nyimbo za katemera ndi kadyedwe ka ana. Tsono n'chifukwa chiyani gogo wa shuga, amene mankhwala ake angamuphe m'maola ochepa atalakwitsa, amangopatsidwa kathumba n'kuuzidwa kuti wotsatira? Yankho limene ine ndikuliona ndi lakuti ndalama za abwenzi akunja zinabwera ndi dzina la nthenda, ndipo ukalamba sunali pa mndandanda. Ifenso eni ake sitinauikepo.

Chodabwitsa n'chakuti nthawi zambiri ndi munthu mmodzi yemweyo. Amene anayamba ma ARV ali ndi zaka 45 mu 2004, lero wapitirira zaka 60, ndipo mwina ali ndi shuga. Kuyambira mu 2019 ambiri anasinthidwira ku mankhwala okhala ndi dolutegravir. Dolutegravir amachulukitsa metformin m'magazi, choncho mlingo wa metformin umafunika kuunikidwa. Mankhwala a chilungulira ndi mapiritsi owonjezera magazi akamwedwa mosatsata malangizo pamodzi ndi dolutegravir, amamulepheretsa kulowa bwino m'thupi. Koma munthuyo amalandira ma ARV pakhomo ili Lachiwiri, mankhwala a shuga pakhomo linalo Lachinayi, nthawi zina ndi mabuku awiri, ndipo makomo awiriwa salankhulana. Ku Neno, Unduna wa Zaumoyo pamodzi ndi bungwe la Partners In Health, limene kumeneko amalitcha Abwenzi Pa Za Umoyo, anaphatikiza kiliniki ya HIV ndi ya matenda ena okhalitsa kuti wodwala azionedwa pamalo amodzi. Ngati zatheka ku Neno, kumapiri kovuta misewu, maboma ena apereka chifukwa chanji?

Winanso anena kuti vuto ndi umbuli, agogo ambiri sadziwa kuwerenga. Mayi anga sawerenga bwino, inde. Koma amasunga m'mutu mbewu za nyemba mitundu isanu ndi umodzi, amadziwa ya kudimba ndi ya kumunda, amakumbukira ngongole ya aliyense m'banki m'khonde ya kumpingo kwawo mpaka tambala yomaliza. Munthu wotere sangalephere kusunga mitundu inayi ya mapiritsi ngati wina atakhala naye pansi n'kumuuza kuti ili ndi la shuga, limafuna chakudya, ili ndi la BP, silisiyidwa ngakhale mukumva bwino. Kusawerenga ndi chifukwa cholankhulira naye nthawi yaitali. Ife tachisandutsa chifukwa chosalankhulira naye n'komwe.

Ndipo pamene chipatala chakhala chete, ena amalankhula. Wogulitsa mankhwala pamsika ali ndi nthawi yonse ya pa dziko, amamvetsera za bondo la agogo mpaka kumapeto, n'kuwagulitsa makapisozi amene akhala padzuwa mwezi wathunthu. Wazitsamba wa pa wailesi amalonjeza botolo limodzi lochiza shuga, BP ndi nyamakazi. Mneneri amalamula kusala kudya masiku atatu osafunsa ngati mumpingomo muli womwa glibenclamide, mwinanso kulengeza kuti wochiritsidwa ataye mapiritsi. Bungwe la Pharmacy and Medicines Regulatory Authority lili ndi ntchito yothana ndi ogulitsa mankhwala opanda chilolezo, ndipo liigwire. Koma kulanda katundu wa mavenda sikudzathetsa chimene chimakokera agogo kwa iwo. Amapita kumene akumvedwa.

Mu 2017 WHO inakhazikitsa ntchito yotchedwa Medication Without Harm, yofuna kuchepetsa ndi theka, m'zaka zisanu, kuvulala kwakukulu kobwera ndi mankhwala kumene kukanapeweka. Zaka zisanuzo zinatha. Pazenera limene mayi anga amalandirira mankhwala ine sindinaone chasintha. Choncho ndinena zimene ndikufuna, ndipo palibe chimene chikufuna nyumba yatsopano kapena makina ochokera kunja.

Funso lakuti "Mwamva?" lithe. M'malo mwake wogawa mankhwala azifunsa kuti, "Agogo, mukafika kunyumba mdzukulu akakufunsani, mukamuuza kuti awa mumwa bwanji?" Gogo akabwereza ndi pakamwa pake, cholakwika chimaonekera pomwepo, ndipo sachita manyazi chifukwa sanayesedwe mayeso. Pa kathumba kalikonse pazilembedwa ntchito ya mankhwalawo m'chinenero cha wodwala, "a shuga", "a BP", ndi zilembo zazikulu. Maonekedwe a piritsi akasintha chifukwa kampani yasintha, wodwala aziuzidwa kuti ndi omwe aja. Wachikulire aliyense woyamba mankhwala a moyo wonse aziphunzitsidwa pamodzi ndi womuyang'anira, monga timachitira ndi ma ARV, ndipo odwala shuga akale ngati mphunzitsi uja apatsidwe benchi pa tsiku la kiliniki kuti aziphunzitsa anzawo ali pamzere. Kamodzi pa miyezi ingapo gogo azibwera ndi jumbo yonse, ya kuchipatala, ya pagolosale, ya ku Joni ndi ya kwa asing'anga, wachipatala aione popanda kukalipa, chifukwa wokalipiridwa ulendo wotsatira amabisa. Alangizi a zaumoyo, amene amafika kale m'midzi kukayeza ana, aphunzitsidwe kusuzumiranso m'jumbo ya agogo a anawo. Ndipo sukulu zophunzitsa madokotala ndi anamwino ziziyesa ophunzira ngati angathe kufotokoza metformin m'Chichewa chomveka kwa munthu wa zaka 80.

Kwa ife ana ndi adzukulu, makamaka a m'tauni ndi a kunja, kutumiza ndalama pafoni sikutha udindo. Tisatumize mapiritsi amene dokotala wawo sakuwadziwa, ngakhale atatithandiza ifeyo. Tidziwe mayina a mankhwala a makolo athu monga timadziwira nambala zawo za foni. Tiwauze kuti mankhwala sabwerekana ngati mchere, ngakhale mnzawo wa kumpingo atadandaula mutu wofanana. Tikaona chachilendo, kugwa, kusokonezeka, chimbudzi chakuda, tiyambe taganizira za mankhwala tisanaganize za ukalamba kapena za anthu, ndipo tipite nawo kuchipatala m'malo mowasiyitsa tokha. Munthu wa shuga akakomoka osatha kumeza, tisamuthire kanthu m'kamwa, tithamange naye. Timanyadira kunena kuti akuluakulu ndi m'dambo mozimira moto, koma dambo nalo limauma ngati palibe wolisamala.

Mayi anasinthiridwa mankhwala. Indosidi tinataya, ndipo bondo likavuta amamwa Panado mowerenga. Mdzukulu wawo wa Sitandade 7 anajambula pakatoni dzuwa, mbale ya phala ndi mwezi, n'kumata piritsi la mtundu uliwonse pamalo pake, ndipo katoniyo ili pakhoma pafupi ndi ndowa ya madzi akumwa. Pampango wawo amamangapo timasiwiti titatu akamapita kumunda. Nditawafotokozera zonse zimene zinachitika m'thupi mwawo tsiku lija, anamvetsera osandidula, kenaka anafunsa funso limodzi: "Nanga bwanji sanandiuze, mwanawe?" Ndinalibe yankho. Mwezi wamawa ndi tsiku lawo la kiliniki, ndipo ndapempha kale tchuthi kuntchito. Ndikawaperekeza, jumbo yonse ili m'manja, ndipo funso lawolo ndikalifunsa pazenera, ngakhale a kumbuyo ang'ung'udze.